Dzina la m'mabulaketi: mkangano wa omasulira anime

Mukayang'ana dzina la fayilo ya anime (makatuni a ku Japan) yomasuliridwa ndi anthu wamba, kumayambiriro mupeza dzina la gulu m'mabulaketi, kumapeto zilembo ndi manambala 8 otchedwa CRC32, othandiza kuona ngati fayiloyo sinaonongeke. Dzina la m'mabulaketilo ndiye malipiro onse a gululo.

Kumasulira kotereku kunayamba m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pomwe okonda makatuni a ku Japan, makamaka ku America, ankagula zimbale za kanema zotchedwa LaserDisc, n'kuikapo mawu omasulira ndi kompyuta ya Amiga, n'kumatumizirana matepi a VHS pa positi. Mawu ankamatiriridwa pachithunzi, choncho kuwaba kunali kovuta. Wobayo ankatenga ndi dzina la eni ake lomwe. Zikufanana ndi ma DJ athu omasulira mafilimu, amene amatchula dzina lawo pakati pa ndewu kuti wina asadyerepo.

Chinasokoneza zinthu ndi Matroska, mtundu wa fayilo wa mkv umene unayamba mu 2002. Mmenemo kanema, mawu ndi zomasulira zimakhala padera, ngati katundu m'thumba limodzi. Munthu atha kusolola zomasulira za gulu lina, zimene womasulira, wolinganiza nthawi ndi wokonza zilembo anachezera nazo usiku, n'kuziphatikiza ndi kanema wochokera pa chimbale cha Blu-ray wa gulu linanso. Mphindi zochepa, ntchito yatha.

Nkhokwe ya pa intaneti yosunga mndandanda wa anime ndi mafayilo ake, AniDB, imene inayambanso mu 2002, imazindikira fayilo ndi kukula kwake komanso chidindo cha ed2k, nambala yowerengeredwa kuchokera pa zonse zili m'fayilomo. Kungosintha chilembo chimodzi m'kati mwa fayilo, chidindo chasintha, ndipo kwa nkhokweyo imeneyo ndi fayilo ina. Ndiye ilembedwe pa dzina la ndani? Ukalemba oyamba aja, uwasenzetsa zolakwa zimene sanachite: mawu akatsalira m'mbuyo, otukwanidwa ndi iwowo. Ukalemba wophatikizayo yekha, wakolola posalima. Ine ndimaona kuti wotulutsa fayilo ndiye aiyankhire, koma gwero la chidutswa chilichonse lilembedwe poyera.

Ena amaseka kuti akuba akulirira mbuzi yobedwa, popeza magulu onsewa sanapemphe chilolezo ku Japan. Crunchyroll, webusayiti yoonetsa anime, itasiya zakuba mu 2009 n'kuyamba kuonetsa anime mwalamulo, gulu la HorribleSubs linkangokopera zomasulira zake n'kuikapo dzina lawo m'mabulaketi, mpaka linatseka mu 2020. Amene anamasuliradi magawo amenewo anali aganyu olipidwa, ndipo pa dzina la fayilo sankaonekapo.