Aja owerenga mbalame kudambo, zinayamba bwanji

Januwale wapitayu amai anga aang'ono anandiimbira foni mtima uli m'mwamba, ati kwabwera anthu kumunsi kwa dimba lawo avala magambutsi, wina ali ndi ma binoculars wina kabuku, akuloza uku ndi uku nkumalemba. Iwo basi anaganiza kuti ndi aja oyeza malo, dimba lapita. Kukawafunsa akuti ayi amai, tikuwerenga mbalame. Anaseka mpaka kukhala pansi, "mbalame za ndani, mwaweta ndinu?"

Koma ntchitoyi ndi yakale ndithu. Inayamba mu 1967 ku Ulaya, anthu ataona kuti madambo akuumitsidwa ndipo abakha ndi atsekwe akuchepa koma palibe amene anali ndi nambala yeniyeni. Ndiye anagwirizana kuti aliyense aziwerenga padambo lakwawo nthawi imodzi, pakati pa Januwale, chifukwa nthawi imeneyo mbalame zimakhala zakhazikika kumene zathawira chisanu, siziyendayenda, ndiye simungawerenge imodzi kawiri. Pano amayendetsa zimenezi ndi a Wetlands International, bungwe loteteza madambo, ndipo Africa inalowamo mu 1991.

Apa mpamene ifenso tikukhudzidwa. Ku Ulayako madzi akamaundana, kuno ndi dzinja, madambo adzaza, ziwala ndi achule mbwee. Dokowe woyera uja mumamuona m'minda mvula ikagwa, mlomo ndi miyendo zofiira, amaswera ku Ulaya. Ndiye pali timbalame tina timathamanga m'mphepete mwa madzi tikugwedeza kumchira, ana amatiponya malegeni osadziwa kuti kena kachokera ku Russia ndi mapiko ake. Azungu eni akewo kale sankadziwa kumene mbalame zawo zimapita, ena mpaka ankati anamzeze amagona m'matope pansi pa madzi chisanu chonse. Mu 1822 ku Klütz ku Germany anaombera dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa utamubaya pakhosi, wauluka nawo ulendo wonsewo. Mpaka lero alipo ku yunivesite ya Rostock, mkondo uli pomwepo. Ine ndikamaganiza za mlenje amene anaponya mkondo uja ndimamva chisoni, ndiwo zinamuthawa nkupita Ulaya.

Kuwerenga kwake sikuti imodzi imodzi ayi, zikakhala zambiri umawerenga khumi, kuona kukula kwa kagulu kameneko kenako nkumayeza ndi maso, khumi, khumi, khumi, ndipo nkhwazi ikangodutsa pamwamba zonse zimabalalika muyambirenso. Manambalawo ali ndi ntchito. Pangano la mayiko loteteza madambo, la Ramsar la mu 1971, limati dambo limene limasunga mbalame zam'madzi 20,000, kapena imodzi pa 100 iliyonse ya mtundu wina, ndi lofunika ku dziko lonse lapansi. Zambia inalowa panganoli mu 1991 ndi madambo a Kafue Flats ndi Bangweulu, zigwa zathu za Luangwa zinalembedwa mu 2007.

Vuto ndi lakuti Januwale anasankhidwa ndi anthu amene sanaonepo matope a ku Malambo, kuchigwa cha Luangwa. Aliyense wopitako ku Mfuwe dzinja akudziwa, ukangosiya tala galimoto imatitimira mpaka ma akiselo, ku Nsefu ndiye mumalowa pa boti basi. Ku Africa kulinso kuwerenga kwachiwiri mu Julayi, madzi ataphwera. Koma nthawi imeneyo mbalame zochokera kunja zija zabwerera kwawo, mumapeza eni mudzi okhaokha, akakowa, nantchengwa, atsekwe, avuwo atazinga nsomba m'zithaphwi zimene zikuuma.

Amai aang'ono sanakhutire mpaka lero. Ati chaka chamawa akabweranso awerengeko ndi mpheta zimene zimawathera mapira.