El Teniente ndi miyala yonyezimira imene mumanditumizira ija

Sabata ino ndalandiranso zithunzi pa WhatsApp, mwala wotuwa wonyezimira uli m'dzanja, funso lake lomwelija, "achimwene taonani, apa si mgodi uwu?" Ndatopa nalo funso limeneli ndithu, ndiye lero ndikufotokozereni za mgodi weniweni wa kopa kuti muone mmene zimakhalira.

El Teniente ili ku Chile m'mapiri a Andes, kufupi ndi mzinda wa Rancagua, ndipo ndi mgodi wa kopa wapansi panthaka waukulu kuposa yonse padziko, ngalande zake zinapitirira kale makilomita 3,000. Koma mukalowa simupeza chimphumphu cha kopa chili phee kudikira munthu ayi. Mu tani imodzi ya mwala, kopa amakhala makilo 10 kapena kuchepera apo, molybdenum, chitsulo china chopezeka limodzi ndi kopayo, ndiye timagalamu mazana ochepa basi. Zili m'timitsempha tating'onoting'ono tomwazikana m'phiri lonse. Zinayamba zaka pafupifupi 5 miliyoni zapitazo, thanthwe la pansi panyanja la Nazca likulowa pansi pa South America, chiphalaphala chinakwera osatulukira kunja, madzi otentha ochokera mmenemo anaswa mwala n'kusiya m'ming'alumo chalcopyrite ndi bornite, miyala yokhala ndi kopa, komanso molybdenite, mwala wokhala ndi molybdenum. Pakati penipeni pali chimwala chooneka ngati fanulo chotchedwa Braden Pipe, mulifupi mwake choposa kilomita, kopa mulibe wokwanira moti ma shafti ndi malo okonzera makina anaika mmenemo.

Tsono molybdenite ndi yofewa, yotuwa, imalemba papepala ngati pensulo, ndipo nthawi zambiri chimene mumanditumizira chimakhala graphite, amene kwathu kuno alipo wambiri, kapena pyrite, mwala wonyezimira ngati golide. Ngakhale atakhala kopa weniweni, mwala umodzi sunena kanthu. Pamafunika kuboola, kutumiza masampulo ku labu, zaka ndithu. Amene akubwera ndi kamakina kolira n'kumati kakuona kopa pansi pa munda wanu, mulipire kaye, akukuberani, ndaona anthu atagulitsa ng'ombe chifukwa cha bodza limeneli ndipo zimandiwawa.

Ku El Teniente, injiniya wa ku America William Braden anayamba kukumba mu 1905, kenako kampani ya Kennecott inatenga, boma la Chile linagula gawo la 51 peresenti mu 1967 n'kulanda wonse mu 1971, lero ndi wa Codelco, kampani ya boma ya migodi ya kopa. Tauni ya antchito ya Sewell, ya masitepe okhaokha pamtsetse wa phiri, UNESCO inaiika m'kaundula wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 2006.

Chimene sichindichoka mumtima ndi cha pa 19 June 1945. Moto unabuka pamalo osulira zitsulo pafupi ndi khomo la mgodi, utsi unalowa m'ngalande n'kumayenda ndi mphepo yomwe ija imapatsa anthu mpweya. Anafa anthu 355. Ambiri sanaone n'komwe lawi la moto, inawapha ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha, wosaoneka, munthu amangomva mutu, miyendo kulemera, n'kukhala pansi kuti apume kaye, basi osadzukanso. Awa anali pamgodi wa kampani yaikulu, wokhala ndi mainjiniya. Ndiye ndikamva achinyamata akuti tilowe m'dzenje lakale ndi tochi komanso jenereta, ndimachita mantha zedi, jenereta m'dzenje ndi utsi womwewo.

Ena amati mgodi ukakalamba mwala umakhazikika. Ayi. Ku El Teniente amakumba mochotsa mwala wapansi kuti wapamwamba uzigwa wokha ndi kulemera kwake, ndipo akamatsika kufika pathanthwe lolimba, limene ming'alu yake inamatidwa ndi mwala wina wotchedwa anhydrite, mwala umasunga mphamvu mpaka kuphulika wokha. Pa 31 July 2025 nthaka inagwedezeka mbali ina ya mgodiwu, anthu 6 anafa, pamalo pamene pali makina omvetsera kugwedezeka usiku ndi usana. Abale athu aku Zambia akudziwa za mgodi wa Mufulira mu 1970, matope a zotsalira za mgodi anaboola n'kulowa pansi, anthu 89 anatsalira momwemo.

Chonde, mnzanu akatuluka m'dzenje akudandaula mutu, chizungulire kapena nseru, musamupatse panado n'kumuuza kuti agone. Mutulutsireni pamphepo, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo ndipo muwauze adokotala kuti anali pansi pomwe panali injini kapena moto. Wina akakomokera mkatimo musalowe kukamutenga opanda zida zopumira, itanani thandizo muli panja.