Mafunso ndi Mayankho pa Matenda a Kuthamanga kwa Magazi

Kodi manambala awiri amene amalembedwa m'buku la kuchipatala akakuyezani kuthamanga kwa magazi (bipi) amatanthauza chiyani?

Nambala yoyamba imasonyeza mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha pamene mtima ukupopa, ndipo yachiwiri imasonyeza mphamvu yomweyo pamene mtima wapumirako usanagundenso. Munthu wamkulu wathanzi amakhala pafupi ndi 120/80. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, munthu amawerengedwa kuti ali ndi bipi ngati manambala ake afika 140/90 kapena kuposerapo pa masiku awiri osiyana. Kuyezedwa kamodzi kokha sikokwanira, makamaka ngati munthuyo wangofika kumene wapansi kuchokera kutali, choncho ayenera kukhala pansi kwa mphindi zosachepera zisanu asanamuyeze.

Nanga munthu angadziwe yekha kuti magazi ake akuthamanga?

Kawirikawiri sangadziwe, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli, koma ambiri mwa iwo sankadziwa. Matendawa amawononga mtima, impso ndi maso mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo ena amazindikira tsiku limene agwa ndi sitiroko n'kufa ziwalo mbali imodzi.

Kodi ndikayamba kumva bwino ndingasiye kumwa mankhwala?

Ayi. Mankhwala monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril, amene amaperekedwa m'zipatala za boma, sachiza matendawa kotheratu koma amawagonetsa, ndipo akasiyidwa magazi amakweranso. Anthu ambiri amamwa mwezi umodzi, akaona kuti mutu wasiya kupweteka amabisa mapilisi m'kabati, ndiye pakapita nthawi amabwera nawo kuchipatala atanyamulidwa. Ngati mankhwala akukuvutani, monga chifuwa chouma chimene enalapril amayambitsa kwa ena kapena kutupa mapazi kumene kumabwera ndi amlodipine, bwererani kwa dokotala kuti akusinthireni, osati kusiya nokha. Amayi oyembekezera ayenera kunena msanga kuti ali ndi pakati, chifukwa enalapril ndi woopsa kwa mwana wosabadwa, ndipo madokotala amapereka ena monga methyldopa.

Kodi pa chakudya ndisinthe chiyani?

Choyamba ndi mchere. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo muyeso umenewu ukuphatikiza mchere umene uli kale m'nsomba zouma zothira mchere, m'makyubu okometsera ndiwo ndi m'zakudya zam'zitini. Soda amene timathira m'therere nayenso amawonjezera mchere wa mtundu womwewo m'thupi, ngakhale ambiri samuwerengera. Kuchepetsa mowa, kusiyiratu fodya ndi kuyenda mwachangu kwa mphindi 150 pa sabata kumathandizanso kwambiri.

Ndi liti pamene ndiyenera kuthamangira kuchipatala osadikira tsiku la kiliniki?

Ngati manambala afika 180/120, kapena ngati munthu akumva kupweteka pachifuwa, akupuma movutikira, kamwa yake yakhota, dzanja lafooka mwadzidzidzi kapena akulephera kulankhula bwino, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.