Ubwino wa mazira pa thanzi lathu

Dzira limodzi lalikulu la nkhuku limalemera pafupifupi magalamu 50, ndipo muli magalamu 6 a mapuloteni, omwe ndi zomanga thupi. Mapuloteni a m'dzira ndi okwanira bwino, chifukwa ali ndi mitundu yonse 9 ya ma amino acid (tizigawo topanga mapuloteni) imene thupi silitha kudzipangira lokha. N'chifukwa chake dzira limathandiza kwambiri mwana amene akukula, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wodwala amene akuchira, komanso okalamba amene minofu yawo yayamba kufooka.

Musataye chikasu

Anthu ena amadya choyera chokha n'kusiya chachikasu cha pakati poopa mafuta. Kumeneko n'kudzimana, pakuti zabwino zambiri zili m'chikasumo. Muli vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, vitamini D wolimbitsa mafupa amene sapezeka m'zakudya zambiri, ndi vitamini B12 wofunika pa magazi ndi mitsempha. Mulinso choline, amene amathandiza ubongo wa mwana kukula kuyambira ali m'mimba.

Koma dzira silikwanira palokha. Mulibe vitamini C, ndipo ayironi wake thupi siliyamwa wambiri. Lidyedwe pamodzi ndi masamba, zipatso ndi zakudya zina.

Ana aang'ono

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana akakwanitsa miyezi 6, uku akupitiriza kuyamwa, azidya tsiku lililonse chakudya chochokera ku nyama, monga nyama, nsomba kapena mazira. Kafukufuku wa ku Ecuador amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti kupatsa makanda dzira limodzi patsiku kwa miyezi 6 kunachepetsa kupinimbira ndi 47 peresenti. Si kulikonse kumene zotsatira zinafika pamenepo, komabe dzira ndi chakudya chosavuta kumpatsa mwana: liwiritseni, liphwanyeni bwinobwino, n'kulisakaniza ndi chakudya chake chofewa.

Ana ena thupi lawo limadana ndi mazira. Mukaona ziwengo, kusanza kapena kutupa milomo mwana atangodya, lekani kumpatsa ndipo kaonaneni ndi a zaumoyo. Ngati akubanika popuma, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Nanga cholesterol?

N'zoona kuti chikasu chimodzi chili ndi mamiligalamu oposa 180 a cholesterol, mtundu wa mafuta opezekanso m'magazi, ndipo kwa zaka zambiri mazira ankanenedwa kuti amayambitsa matenda a mtima. Masiku ano zadziwika kuti cholesterol wambiri wa m'magazi amapangidwa ndi chiwindi, ndipo chimene chimamukweza kwambiri ndi mafuta oundana, monga a nyama zonona, kusiyana ndi dziralo. Kwa munthu wathanzi, dzira limodzi patsiku lilibe vuto. Amene ali ndi matenda a shuga, a mtima, kapena anauzidwa kuti cholesterol wawo ndi wokwera afunse dokotala kuchuluka kowayenera. Kaphikidwe nakonso n'kofunika: dzira lowiritsa ndi losiyana ndi lomizidwa m'mafuta ndi mchere wambiri.

Liphikeni lipse

Kumwa dzira laliwisi sikupatsa mphamvu zoposa. Thupi limagaya pafupifupi theka chabe la mapuloteni a dzira laliwisi, pomwe la lophika limagaya pafupifupi 90 peresenti. Choopsa china ndi tizilombo ta salmonella, timene titha kukhala pachigoba kapena mkati mwenimweni. Timayambitsa kutsegula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi, ndipo timavutitsa kwambiri ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo chawo chatsika.

Choncho phikani dzira mpaka choyera ndi chikasu zonse zitalimba. Powiritsa, mphindi 10 madzi atayamba kubwata n'zokwanira. Kamzere kobiriwira kozungulira chikasu kasakudetseni nkhawa, kamangosonyeza kuti lapsa kwambiri. Dzira losweka kapena lonunkha litayeni. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira mazira aawisi, ndipo muziwasunga pamalo pozizira, mufiriji ngati ilipo. Chigoba kaya ndi choyera kaya chofiirira, zam'kati n'zofanana. Mtunduwo umangotengera nkhuku imene yaikira.