Breadmaker kapena mikisa? Yambani mwagula sikelo

Funso ili limabwera pafupipafupi, makamaka kwa amene m'bale wawo wa ku Joni kapena ku UK wawauza kuti asankhe choti awatumizire: "Aphunzitsi, ndiitanitse breadmaker kapena mikisa? Buledi wanga akumatuluka wolemera." Ndikafunsa fulawa amene akugwiritsa ntchito, amati, "Wa tirigu yemweyu." Madzi ochuluka bwanji? "Kapu imodzi ndi pang'ono." Kapu yake iti, yomwera tiyi kapena ija yotungira madzi mu ndowa? Nanga yisiti munagula liti? Zii.

Ndatopa nako kuzungulira, lero ndinena mosapsatira. Buledi wolemera sachira ndi makina. Mwa anthu amene amabwera kwa ine ndi dandaulo limeneli, ndi ochepa kwambiri amene vuto lawo lili m'manja. Nthawi zambiri ndi fulawa wolakwika, yisiti yakufa, kuyeza mongoyerekeza, kapena kupupuluma. Mukathira zinthu zomwezo m'makina a ndalama zambiri, adzakupatsani buledi wolemera yemweyo, kungoti wa makona owongoka bwino.

Paketi ya fulawa imalembedwa, koma anthu sawerenga. Wolembedwa cake flour ndi wa makeke ndi masikono, mapuloteni ake ndi ochepa. Wa buledi amalembedwa bread flour, ku UK amati strong flour, ndipo kumbuyo kwa paketi muona mapuloteni magalamu 11 kapena 12 pa magalamu 100 alionse, nthawi zina kuposa apo. Mapuloteni amenewa ndi amene amasanduka gluten mukamakanda, ndipo gluten ndiye amagwira mpweya wa yisiti kuti usathawe mu mtanda. Ufa wa chimanga, wa chinangwa ndi wa mpunga ulibe gluten m'pang'ono pomwe, choncho amene mumauthirako kuti fulawa achuluke, dziwani kuti mukapitirira pang'ono buledi sadzuka.

Muyezo woyambira ndi uwu: fulawa magalamu 500, madzi mamililita 320, mchere magalamu 9, yisiti youma magalamu 7, mafuta ophikira masupuni awiri. Kapu imodzi yomweyo ikhoza kunyamula fulawa magalamu 120 lero, mawa 160, kutengera mmene mwatapira ndi kutsendera. Mukatapa makapu anayi, kusiyana kwake n'kokwanira kusandutsa mtanda wabwino kukhala wouma gwaa. Sikelo ya batire ya kukhitchini ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi makina onse awiriwa, ndipo imathetsa madandaulo ambiri kuposa iwo.

Tsono tibwere ku makinawo.

Breadmaker ndi kachidebe kokhala ndi kachitsulo kozungulira pansi pake, ndi waya wotenthetsa m'mbali. Mumathira zonse, n'kudina batani. Pakatha maola atatu kapena anayi mumatulutsa buledi mmodzi. Makinawa anayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1980, ku kampani ya Matsushita imene lero timaidziwa kuti Panasonic. Oyamba aja ankalephera kukanda, mpaka mmodzi wa ogwira ntchito pakampanipo, Ikuko Tanaka, anapita kukaphunzira kwa mkulu wa ophika buledi pa Osaka International Hotel, n'kuona kuti bamboyo sankangokoka mtanda, ankaupotolanso. Kukanda kwake anakukonza, ndipo lero makinawa amakanda bwino ndithu. Chimene sanathe kuikamo ndi maso.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Breadmaker imayendera wotchi, siyang'ana mtanda. Zili ngati munthu wophika nsima amene wauzidwa kuti athire ufa pakatha mphindi zisanu, ndiye akuthira ndithu ngakhale madzi asanafunde. Makina ena okwera mtengo amayeza kutentha kwa m'kati n'kudikirako pang'ono, koma palibe amene amaona ngati mtanda watupa mokwanira kapena wapitirira. Nthawi zimene anaziika m'makinamo anayezera khitchini yozizirira, ya madigiri 20 ndi pang'ono. Iikeni ku Nsanje kapena ku Salima mu Okutobala, m'nyumba ya malata masana, mtanda utupa msanga, ugunda chivindikiro, ndipo pofika nthawi yowotcha wafooka kale. Mumatulutsa buledi wobonyoka pakati, wonunkha mowa. Kumalo okwera ngati Dedza ndi Mzuzu mtanda umatupanso mofulumirirapo chifukwa mpweya wa kunja suupanikiza kwambiri, ngakhale kuti mu Juni kuzizira kumabwezako liwirolo. Mankhwala ake ndi kuchepetsa yisiti, magalamu 4 kapena 5 m'malo mwa 7, ndi kuthira madzi ozizira nyengo yotentha. Kapaketi ka magalamu 10 kaja musakakhuthulire konse pa fulawa wa magalamu 500. Ndipo pakatha mphindi zisanu makina atayamba kukanda, vundukulani muone. Mtanda uzikhala mpira umodzi wosalala, womata pang'ono chala mukaukhudza. Ukamamwazika, thirani madzi supuni imodzi. Ukamapakika m'mbali ngati phala, onjezani fulawa supuni imodzi. 

Chinanso ndi magetsi. Makina ambiri amakumbukira pamene anafika kwa mphindi zochepa chabe magetsi akathima, ena 10, ena osafika apo. Akathima kwa ola, aiwala zonse. Zikachitika mtanda ukadali kutupa, musadikire: utulutseni, uikeni m'chitini, muuwotche pambaula. Poto wamkulu wokhuthala, mchenga pansi pake m'katimo, chitini pamwamba pa mchenga, vindikirani, makala ambiri pa chivindikiro, ochepa pansi. Amayi athu akhala akuphika chigumu choncho kuyambira kale. Koma magetsi akathima buledi atayamba kupsa, ameneyo watayika. Ngati kwanuko magetsi amathima nthawi imene afuna, makina ofuna maola anayi osadukiza si anu.

Mikisa ndi nkhani ina. Iyo imangokanda basi. Siidikira, siwotcha. Mukufunikabe uvuni, zitini, ndi inu mwini kukhala pakhomo. Ndikunena mikisa yoima yokha yokhala ndi beseni lake ndi chingowe chokandira, monga Kenwood Chef imene inatuluka ku Britain mu 1950 ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Kamikisa kogwira m'manja kaja, komenyera mazira, musakayese pa mtanda wa buledi ngakhale m'bokosi mwake mutapezeka tizingowe tiwiri. Mota yake ndi yaing'ono, ipsa.

Ngakhale yaikuluyo imafuna ulemu. Mtanda umakandidwa pa sipidi yotsika. A KitchenAid, kampani ina yopanga mamikisa, amalemba m'bukhu lawo kuti musapitirire sipidi 2. Anthu amaikweza mpaka kumapeto poganiza kuti atha msanga, makina n'kumavina patebulo, magiya n'kumadyeka. Ya pakhomo musaisenzetse fulawa wopitirira kilogalamu imodzi nthawi imodzi, ndipo ikatentha pamutu ipumitseni. Mphindi 8 mpaka 10 zimakwana. Kuti mudziwe, tsinani kantanda kakang'ono, kakokeni pang'onopang'ono pakati pa zala mutaloza kuwindo. Kakapyapyala mpaka kuwala kuonekera osang'ambika, mwakanda. Kakaduka msanga, pitirizani. Mtanda ukatupa m'chitini, udineni ndi chala: kadzenje kakabwerera pang'onopang'ono osatsekeka konse, lowetsani mu uvuni wa madigiri 220 kwa mphindi 30 kapena 35.

Onani kuti ntchito yonse ya mikisa ndi mphindi 10 zimenezo, zimene manja amachita mu 15. Ine ndimaikonda, ndipo munthu wa nyamakazi kapena wophika malofu angapo tsiku limodzi ndimamuuza agule. Imamenyanso keke, imakandanso mtanda wa mabanzi wa majarini ambiri umene umatopetsa ndi manja. Koma wophika lofu imodzi Loweruka lililonse, beseni ndi manja zimukwanira. Breadmaker ndimaivomereza kwa munthu ngati abale athu ogwira mashifiti ataliatali ku Manchester kapena ku Dublin, kumene magetsi sathima: amathira usiku, n'kutchera nthawi, m'mawa buledi wapsa. Ikhozanso kuthandiza wokhala m'chipinda chimodzi chopanda uvuni. Mukamatchera usiku wonse, musathiremo mazira kapena mkaka wamadzi, zivunda zisanaphikidwe.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandivutabe. Ankagulitsa mandazi pafupi ndi sukulu ya pulaimale, mandazi abwino, moti ana ankachita kulimbirana. Anafuna kukwera pang'ono, ayambe mabanzi. Anatenga ngongole kubanki m'khonde n'kugula breadmaker yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wogulitsa katundu wa m'kontena. Atabwera kwa ine anaibereka munsalu ngati mwana.

"Aphunzitsi, anandiuza kuti amapanga okha chilichonse, ine ndizingotulutsa."

"Mayi, patsiku mukutulutsa malofu angati?"

"Magetsi akakhala bwino, atatu."

Malofu atatu. Ngongole ikuswa mwezi ndi mwezi, fulawa akugula wa pa kilogalamu, magetsi akulipira, ndipo mandazi aja anawasiya chifukwa mpamba wonse unalowa m'makina. Breadmaker siumba mabanzi, ndipo si makina a geni. Amene anawagulitsa ankadziwa zimenezo, kapena sankadziwa chilichonse, zonse ndi chimodzimodzi kwa wotaya ndalama.

Koma si zimenezo zimene zimandiwawa kwambiri. Buledi atayamba kubonyoka pakati chifukwa cha kutentha, anapita kumsika kukadandaula, ndipo wina anawagulitsa kaufa koyera m'kapepala kapulasitiki komanga mfundo, kopanda dzina, kopanda tsiku, ati "mankhwala otupitsa, ogwiritsa ntchito mabekale aakulu". Anawauza kuti azithira supuni imodzi pa lofu. Anathira kwa miyezi, ndipo buledi ameneyo ankadulidwa n'kugulitsidwa kwa ana a sukulu, ana awo omwe akudyanso yemweyo. Vuto lenileni linali yisiti yochuluka ndi madzi ofunda mu Novembala, chinthu chimene chikanatha tsiku limodzi akanafunsa msanga. Ankachita manyazi kunena kuti makina a ngongole akukanika. Pamene ankabwera, ngongole inali itaposa mtengo wa makinawo.

Ndikuchenjezeni za maufa amenewa. Zowonjezera mu buledi zovomerezeka zilipo, zambiri zimakhala ndi vitamini C ndi ma enzyme, zimabwera m'paketi yolembedwa dzina la kampani, zimene zili m'katimo, muyezo wake ndi tsiku lotha ntchito. Ndipo pa buledi wa pakhomo simuzifuna n'komwe. Koma palinso potassium bromate, kaufa koyera kamene kale kankagwiritsidwa ntchito kwambiri chifukwa kamatupitsa buledi mokongola. Bungwe la IARC, loona za kafukufuku wa khansa pansi pa WHO, linakaika m'gulu la zinthu zimene zingathe kuyambitsa khansa. Britain inakaletsa mu 1990, India mu 2016, ndipo mayiko ena ambiri anachitanso chimodzimodzi. Kumene kankaloledwa, muyezo wake unali wochepetsetsa moti sungayezeke ndi supuni ya kukhitchini. Ufa woyera wopanda dzina ukhoza kukhala chilichonse, ndipo ndi maso simungausiyanitse ndi soda. Munthu akakana kukuonetsani thumba limene watapamo, siyani, chokani. Ngati mwagula kale, tayani lero, musadikire kuti uthe kaye.

Yisiti yopimidwa m'timapepala n'kuyalidwa padzuwa pamsika nayonso ndi njuga. Iyeseni musanawononge fulawa: madzi ofunda ngati osambitsira khanda, shuga pang'ono, yisiti supuni yaing'ono. Pakatha mphindi 10 pazikhala thovu. Popanda thovu, yafa. Madzi otentha moti chala sichipirira amaipha ngakhale yatsopano. Paketi mukatsegula, imangeni bwino muisunge mufiriji.

Za makina a kaunjika, tembenuzani muwerenge kachikwangwani ka pansi musanapereke ndalama. Kuno kwathu, ku Zambia, ku South Africa ndi ku UK magetsi ndi a mavoti 230 kapena pafupi ndi apo. Makina ochokera ku America amalembedwa 110 kapena 120. Adaputa imangosintha mano a pulagi, siichepetsa mphamvu. Mukalumikiza, amapsa nthawi yomweyo. Yang'ananinso ngati kachitsulo kokandira kalimo m'chidebe, chifukwa ndi kamene kamasowa kawirikawiri ndipo ka mtundu wina sikalowa. Thirani madzi m'chidebemo mudikire pang'ono. Akamadontha pansi, labala yatha, ndipo posachedwa muziona mafuta akuda mu buledi.

Makina akayamba kununkha waya kapena kuzima okha, zulani pulagi tsiku lomwelo. M'kati mwake muli kafyuzi kamene kamaduka kutentha kukapitirira muyezo. Okonza ena a m'mbali mwa msewu, akakapeza kataduka, amangolumikiza waya molambalala n'kukuuzani kuti zatheka. Ayakadi. Koma chimene chinadula fyuziyo chikadali momwemo, ndipo tsopano palibe choletsa kutentha. Awa ndi makina amene anthu amawatchera usiku n'kukagona, ana ali m'chipinda china. Mufunseni wokonzayo akuonetseni fyuzi yakale imene wachotsa ndi yatsopano imene waika, ndipo akuuzeni chimene chinaidula. Akalephera, musawalumikizenso m'nyumba mwanu.