Mwala wa chikumbutso suyambira kwa wogoba

Ophunzira akale akangogwirizana zoika mwala wa chikumbutso pamene panali koleji yawo, amathamangira kusonkha ndalama ndi kufunsa mtengo kwa wogoba miyala ya pamanda. Chonde, imani kaye. Wogoba amabwera pomaliza. Choyamba ndi chaka chimene mudzalembepo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa.

Koleji imakhala ndi zaka zingapo zoyambira: chaka chimene anayika mwala wa maziko, chaka chimene ophunzira oyamba analowa m'kalasi, ndi chaka chimene boma linaivomereza. Agogo akati "tinayamba chakuti", amanena chaka chimene iwowo anafika, osati chimene sukulu inatsegulidwa. Musakangane nawo, koma musagobe mawu awo pamwala musanaone pepala. Funani kaundula wa ophunzira, satifiketi ya gulu loyamba, kapena malipoti apachaka a boma omwe amasungidwa ku National Archives ku Zomba. Mapepala awiri osiyana akagwirizana, lembani. Ndipo nenani kuti ndi chaka cha chiyani.

Kuno ku Lilongwe nkhaniyi ndi yathu ndithu. Bunda College of Agriculture inachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources (LUANAR) mu 2012. Kamuzu College of Nursing, yomwe inayamba mu 1979, inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) mu 2021. Awa mayina awo akadali pakamwa pa anthu. Yodetsa nkhawa ndi Colby College of Agriculture ya ku Chitedze, yomwe inatenga dzina la bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamulira Nyasaland kuyambira 1948 mpaka 1956. Alangizi a zaulimi ambiri amene anayenda pa njinga m'midzi yathu anasulidwira kumeneko, koma funsani wachinyamata wokwera minibasi ya ku Mchinji ngati analimvapo dzinali. Amene angaloze kuti kalasi inali apa, khola linali apo, ndi okalamba tsopano. Chaka chilichonse chimene komiti ikudikira ndalama, timaika m'manda munthu amene akanatiuza. Kujambula mawu awo pa foni sikufuna bajeti. Pitani mwezi uno.

Mawu a pamwala asapitirire 60: dzina lonse la koleji, zaka zake, zimene inkaphunzitsa, ndi kumene inathera. Lembani m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mayina a anthu opereka ndalama apite m'kabuku ka mwambo. Zimapweteka mtima kuona mwala umene dzina la mlendo wolemekezeka lili lalikulu kuposa la sukulu imene akuikumbukira.

Musagule mkuwa. Akuba amauzula usiku n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Musalolenso wopenta zikwangwani za magolosale akunamizeni kuti penti yake siifwifwa, pakuti dzuwa la Okutobala likawomba kawiri katatu, zilembo zimayamba kusuwa. Sankhani mwala wa giranaiti, zilembo zogoba zosachepera masentimita 2 kutalika, kuti munthu aziwerenga ataima. Maziko akumbidwe masentimita 60, konkire ikhale muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, ndipo ithiridwe madzi masiku 7. Mwalawo upendekeke pang'ono kuti mvula izitsetsereka, ndipo usakhale pansi pa mtengo, chifukwa mizu imang'amba maziko. Mabawuti omangira mwalawo akhale osachita dzimbiri, apo ayi mizere yofiira idzatsika pa zilembo.

Musanakumbe, pezani kalata ya chilolezo kwa mwini malo, ndipo ngati muli mumzinda, kukhonsolo. Mwala womangidwa m'malire a msewu umagumulidwa tsiku limene akukuza msewuwo. Dziwitsaninso a Department of Museums and Monuments kuti malowo alowe m'kaundula wawo. Wogoba asanagwire chitsulo, anthu atatu awerenge mawuwo papepala, aliyense payekha, chilembo ndi chilembo, chifukwa cholakwika pa giranaiti chimafuna mwala wina.