Mwana akatupa mapazi, musayambe ndi kufunsa amene wachimwa

Januwale ndi Febuluwale akafika, nkhokwe zitapepuka, wodi yathu ya ana onyentchera imadzaza mpaka ena kugona awiriawiri. Ndagwira unamwino m'wodi zoterezi kwa zaka zambiri. Mayi akandiuza kuti anachedwa chifukwa chosowa ndalama ya kabaza, ndimamumvetsa. Mawu amene andikwana ndi awa: "Timafuna tidziwe kaye kuti wamudula ndani."

Mwana watupa mapazi ndi masaya, tsitsi lafiira n'kupyapyala, sakufunanso kusewera. Akuluakulu amakhala pansi n'kugamula kuti ndi tsempho, ena amati mdulo. Ndiye kuti wina m'nyumbamo wayenda njira yosayenera, kapena wathira mchere m'ndiwo ali wotentha. Milungu iwiri, itatu imatha banja likufunsana mlandu, mwana ali gone pamphasa.

Musaganize kuti ndikunyoza akumudzi. Ganizo lomwe lili pansi pa zimenezi ndalimva ngakhale kwa abwana ovala tayi, akazi awo atapita padera kachitatu. Ganizo lake ndi lakuti khalidwe la munthu ndi moyo wake zili ngati ganyu ndi malipiro: wochita zabwino thupi lake likhala bwino, ndipo tsoka likagwa pakhomo ndiye kuti pali amene wachimwa. Amatero akutchula mwambi woti choipa chitsata mwini. Anzake a Yobu ankaganiza chimodzimodzi, ndipo pamapeto pa nkhaniyo iwo ndi amene anadzudzulidwa. Ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona anafunsanso ngati anachimwa ndi iye kapena makolo ake, nayankhidwa kuti palibe mwa iwo. Timaziwerenga kutchalitchi Lamlungu, Lolemba tili kwa sing'anga.

Ophunzira unamwino ndikamawaphunzitsa za khalidwe loyenera pantchito, ndimawakumbutsa kuti funso limeneli linavutitsanso anthu anzeru a ku Greece. Socrates ankanena kuti kulakwiridwa n'kwabwino kuposa kulakwira wina, koma ubwino wakewo sunamuteteze: anthu a ku Athens anamuweruza kuti afe pomwa poizoni mu 399 B.C. Aristotle, amene ine ndimagwirizana naye kwambiri, ankati munthu sangakhale ndi moyo wabwino weniweni alibe khalidwe, komanso khalidwe palokha silikwanira. Pamafunikanso thanzi, abwenzi, kachuma kochepa ndi mwayi. Munthu wolungama akagwa m'mavuto aakulu amakhalabe wolungama, koma kumunena kuti zinthu zikumuyendera ndi bodza.

Kodi ndiye kuti khalidwe la makolo silikhudza thanzi la mwana? Limakhudza kwambiri, koma njira yake imaoneka ndi maso. Bambo amene wagulitsa chimanga chonse mu Meyi n'kukamwera kachasu walakwira ana ake, ndipo zotsatira zake tidzaziona mu Januwale. Bambo amene amayendayenda akhoza kubweretsa HIV m'nyumba, mayi n'kupatsira mwana ngati sanayezedwe ndi kuyamba mankhwala, ndipo mwana wotere amanyentchera msanga. N'chifukwa chake mwana aliyense wofika kwathu timamuyeza magazi ndi kufufuza TB. Zimenezi zili ndi poyambira ndi pothera, ndipo timadziwa poziletsera. Mchere umene mayi wathira m'chisoso sutupitsa mwana.

Matenda otupitsa anawa madokotala amawatchula kwashiorkor. Dzinali linachokera ku chinenero cha anthu a mtundu wa Ga a ku Ghana, ndipo analilemba m'mabuku a zachipatala ndi dokotala Cicely Williams mu 1935. Limanena za mwana amene wachotsedwa pabere chifukwa kwabwera mng'ono wake. Mwana wasiya kuyamwa, akungodya phala la mgaiwa lopanda nsinjiro, kenako chikuku kapena kutsekula m'mimba kwamupeza. Thupi limayamba kusunga madzi. Choopsa n'chakuti kutupako kumabisa kuwonda, moti ena amayamikira kuti mwana wanenepa.

Pali mayi wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anabwera madzulo ena mvula ikugwa, atabereka mwana wamkazi wa zaka ziwiri. Titamumasula pansalu, khungu la m'miyendo linali likusendeka ngati utoto wakale pakhoma, manja ali zii ngati madzi a m'mtsuko. Pamimba panali mphini zatsopano zopakidwa zakuda. Mayiyo anali wa kwaya, waulemu, kabuku ka kusikelo kali kosamalika m'pepala la pulasitiki, katemera yense analandira. Mwamuna wake anali ku Joni chaka chachiwiri. Mwana atayamba kutupa, apongozi anati nkhani yake ndi yodziwikiratu: mwamuna kulibe, nanga wadula mwana angakhalenso ndani?

Anapita naye kwa sing'anga amene anati mankhwala sagwira pokhapokha wolakwa aulule. Mayiyo anakana kwa sabata yathunthu. Mwana atafika poipa, anavomera chinthu chimene sanachite, natchula dzina la mnyamata wina wogulitsa makala, pofuna kuti mankhwalawo agwire ntchito. Mwana anamwetsedwa zotsekula m'mimba, akuti kutulutsa zoipa. Zitakanika anapita kwa mneneri amene anawagulitsa kabotolo ka madzi odzozedwa n'kuuza mayi kuti asale kudya masiku atatu. Milungu itatu inatha choncho.

Mwanayo tinamufunditsa, tinamupatsa shuga, tinayamba mankhwala opha tizilombo ndi mkaka wapadera wa ana onyentchera wotchedwa F-75 pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Anamwalira usiku wachiwiri, kutatsala pang'ono kucha. Mayiyo sanakuwe. Anangondigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu: "Asisitala, kapena ndinachedwa kuulula?" Ndinamuuza kuti panalibe choti aulule, kuti mwana wake anadwala matenda amene timachiza tsiku ndi tsiku akabwera msanga. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira. Ndinamva pambuyo pake kuti uthenga wa kuulula kuja unafika ku Joni, ndipo banja linathera pomwepo.

Mwa anthu onse a m'nkhani imeneyi, amene anali ndi umunthu woposa ndi mayiyo. Anataya mbiri yake kuti mwana akhale ndi moyo. Akanakhala kuti ubwino umalipidwa monga anthu amanenera, bwenzi mwana uja pano ali Sitandade 4. Amene anapindula ndi sing'anga, amene analandira nkhuku ndi ndalama, ndi mneneri wa kabotolo uja.

Anthu amenewa ndiwo amandipsetsa mtima, chifukwa malonda awo onse atsamira pa chikumbumtima cha anthu abwino. Munthu wouma mtima ukamuuza kuti wachimwa amangoseka. Amene amagwidwa ndi mayi woopa Mulungu, amene amafufuza mumtima mwake usiku wonse kuti analakwa pati. Ndipo njira yawo sitsutsika: mwana akachira ndiye kuti mankhwala agwira, akamwalira ndiye kuti munabisa tchimo lina kapena chikhulupiriro chinachepa. Aliyense amene akuuzani kuti muulule kaye, mupereke kaye mbewu, kapena musiye kaye mankhwala a kuchipatala kuti mwana achire, nyamukani pomwepo. Kupemphera sitiletsa. M'wodi mwathu azimayi a mvano amabwera kudzaimba, ndipo ifenso timayankha Amen, mwana akulandira mkaka wake maola atatu alionse.

Ngati pali mlandu wa m'banja, ankhoswe alipo, adzaukamba mwana atachira. Lero gwirani phazi la mwanayo, musindikize chala chachikulu pamwamba pake, muwerenge mpaka katatu, kenako muchotse. Muchite mapazi onse awiri. Pakatsala kadzenje, musadikire tsiku la sikelo, musadikirenso kuti abambo ayimbe foni. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutamufunditsa bwino, ndipo ngati akuyamwa muziyamwitsabe m'njira. Mkaka wa kuwodi ndi chiponde kuchipatala cha boma salipiritsa.